Munda wa Pachitunda Sunakokoloke

"Kodi amake Tadala, amuna anu aja akadali anu, kapena tizikuwerengerani m'gulu la mbeta?" Anandifunsa choncho amake Fatsani, oyandikana nawo nyumba, tikuchokera kothyola tiyi. Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndikufuna ndikuuzeni mmene Mulungu anandiyankhira funso limeneli.

Ine sukulu ndinalekezera sitandade 7. Bambo a Tadala ndiwo anafika mpaka digiri, kenako anapeza sikolashipu yokachita masitazi kunja, maphunziro a chitukuko chosawononga nthaka ndi madzi. Anachoka mwana ali ndi miyezi isanu. Kwathu kuno kufupi ndi Makwasa mwamuna amakhala kwa mkazi, ndipo mkamwini amadziwika ndi khasu. Chitatha chaka, amalume anabwera. Anati, "Mkamwini wa pafoni salima. Mukakolola chaka chino, munda wa pachitunda uja ndiupereka kwa ang'ono anu, poti awo mwamuna alipo."

Munda umenewo anandisiyira ndi malemu mayi anga. Ndi umene umatidyetsa. Ndinalira, abale, mpaka ndinatsala pang'ono kuwauza amuna anga kuti asiye sukuluyo abwere.

Koma iwo pafoni anati ndimange nsungwi zitatu, pakati ndilendeweretse kamwala pachingwe, kuti ndiziyezera akalozera odutsa chopingasa phiri. Anatinso pa akalozerawo ndibzalepo udzu wa vetiva. Ndinkaweruka kuesiteti, kubereka Tadala, n'kukwera kumunda ndi nsungwi zanga. Anthu ankaseka. Amake Fatsani anati, "Masitazi yake ndi imeneyi? Mizere yokhota ngati njoka?" Ine n'kumangoyeza.

Vuto linali vetiva. Ndinalibe koupeza, mvula ili pafupi. Ndinagwada m'munda momwemo n'kunena kuti, Ambuye, mizere ndapanga, koma choigwira ndilibe.

Lolemba lake a kapitawo athu a kuesiteti ya tiyi anandiitana. Munthu ameneyu sanandisekerepo chilowereni ntchito, moti ndinaganiza kuti ndathyola masamba okhwima. Koma anati, "Ndamva mukufuna vetiva. Tikupatulira wa m'mbali mwa msewu, wotsalayo timangotaya." Loweruka anabweretsa okha panjinga, maulendo atatu.

Nditabzala vetiva uja, chimanga n'kukula, inabwera mvula ya masiku anayi osakata. Minda ya pachitunda inatsetsereka, chimanga ndi nthaka yomwe kukathera kumtsinje. Itakata, ndinakwera kumunda kwanga. Ndinapeza madzi atakhala phee m'mizere yanga, chimanga chili chiimire, vetiva atagwira dothi ngati dzanja. Ndinaimba nyimbo ndekhandekha, Tadala akuwomba m'manja kumbuyo.

Amalume anafika, anazungulira munda wonse. Pamapeto anati, "Nsungwi zija zili kuti? Mundibwereke." Za ang'ono anga sanazitchulenso mpaka lero. Amake Fatsani nawo anabwera ndi khasu, akuti, "Ndiphunzitseni njoka zanuzo, a profesa." Ndinawaphunzitsa, ndi vetiva ndinawagawira.

Bambo a Tadala anamaliza n'kubwera. Pano akugwira ntchito kubungwe lina, amaphunzitsa alimi a ku Thekerani mpaka kutsidya ku Mozambique. Akakhala ndi alendo amabwera nawo kumunda kwanga, n'kunena kuti, "Ine ndinalemba pamapepala, awa ndiwo analemba padothi."

Ndikuthokoza Mulungu amene anagwiritsa ntchito munthu yemwe ndinkamuopa. Inu amene mwamuna, mkazi kapena mwana wanu ali kutali kusukulu, anthu akukunenani, musafooke. Pempherani, khasu lili m'manja.

Sindinama kuti palibe chinatayika. Inapita mizere inayi ya kumunsi, nthochi ziwiri za m'malire, ndi zaka ziwiri zimene Tadala anakwawa, kuima ndi kuyenda bambo ake osaona. Munda ulipo, banja lilipo.