Tizilombo ta a Habibu

Chaka cha 1979, a Habibu, mwini tiyirumu pa Mchinji Boma, anagula thanki yagalasi yowetera nsomba ku Chipata, nayiyika pakati pa matebulo. Posakhalitsa inangotsala ndi madzi, mchenga ndi miyala, koma nsomba ayi. Patapita masabata atatu kunatulukira a Stanley, mlangizi wa zaumoyo, munthu woti lamulo likanena kumanzere sayang'anako kumanja, botolo la kolorini lili m'thumba.

A Habibu atangoona yunifolomu anasolola khadi la chipani.

"Bwezani khadilo, ine ndine wa madzi," anatero a Stanley. "Madzi awawa akudikira chiyani?"

"Akukhwima, bwana."

"Madzi sakhwima, si mtedza. Nanga ndowa zili pakhomozo?"

"Amenewo ndi apampopi. Ndimawagoneka masiku awiri kuti kolorini achoke."

A Stanley anavula chipewa. "Kolorini amene timathira ife?"

"Yemweyo."

"Boma lithire, inu muchotse?"

"Amapha tizilombo, bwana."

"Ndiyo ntchito yake."

"Eya, koma ine tizilomboto ndikutifuna."

A Stanley anatulutsa kope, nanyowetsa pensulo ndi lilime. "Bwerezani pang'onopang'ono."

"Nsomba ikadya imadzithandiza m'madzi momwemo," anatero a Habibu, akupukuta galasi ndi mkono wa malaya. "Zoipazo zimasanduka poizoni. Ndiye pali tizilombo tabwino timene timadya poizoniyo. Tiyambe taswana tokha masabata asanu ndi limodzi, nsomba zibwere pambuyo. Anandilangiza amene anandigulitsayo."

"Tizilombo tabwino mulibe m'buku langa."

"Ndiye kuti bukulo silinafike ku Chipata."

A Stanley analemba zimenezonso. A Habibu anatapa kaufa ka usipa m'chitini n'kuwaza pamadzi.

"Mukudyetsa ndani?"

"Tomweto. Usipawu ukawola timapeza chakudya."

"Mukuwoletsa usipa dala, m'chipinda chimene anthu amamweramo tiyi."

"Kochepa, bwana. Ka pachala."

"Ikanimo nsomba lero, ndilembe kuti ndi chiweto. Apo ayi, awa ndi madzi ongokhala, ndipo madzi ongokhala amathiridwa mankhwala."

"Nsomba lero? Iii, ayi. Zoyamba zinali zisanu ndi zitatu, zofiira ngati malalanje. Ndisanamvere malangizo aja, ndinangotunga pampopi n'kuziponyamo. Pofika Lachisanu zonse mimba zili m'mwamba. Mayi a kunyumba, a Mwanahamisi, ananena mawu amodzi: zikafanso, thankiyi aziikamo mandasi. Anayeza kale, mumalowa mandasi makumi asanu ndi anayi."

"Mandasi a m'galasi ndi ukhondo. Mayiwo ndawayamikira."

"Inu muli mbali yawo?"

"Ine ndili mbali ya lamulo." A Stanley anatsegula botolo, fungo n'kudzaza tiyirumu yonse.

Apa a Habibu, bambo wa ndevu zake, wolemekezeka kumzikiti, anagona chafufumimba pamwamba pa thanki, manja atayikumbatira. Mantha anawagwira zenizeni.

"Thirani pamsana panga, bwana. Muno muli tizilombo miyandamiyanda. Tayamba kumene kukhazikika, mukufuna mutiphe tonse tsiku limodzi?"

"Mwationa?"

"Sitioneka."

"Nanga mukudziwa bwanji kuti tilimo?"

"Tilimo basi. Pamwala uliwonse, mumchenga, pagalasi. Ngakhale m'manja mwanu muli tina, kaya tabwino kaya toipa."

Botolo linaima m'malere. A Stanley anayang'ana m'manja mwawo, n'kuyang'ana a Habibu.

"Mwati m'manja mwanga?"

"Mwadzaza."

"Palibe wakuuzani kuti munene zimenezi?"

"Andiuze ndani?"

A Stanley anakhala pabenchi. Chisoni ndi chimwemwe zinawafikira pamodzi.

"A Habibu, zaka khumi ndi ziwiri ndakhala ndikupalasa njinga m'boma lino, kuuza anthu kuti m'madzi muli tizilombo tosaoneka. Amandiombera m'manja, ndikangokhota amamwa pachithaphwi. Ku Mkanda mkulu wina anati ndidzabwere nako kamodzi nditakamanga chingwe. Lero ndapeza munthu mmodzi wondikhulupirira, ndiye tizilomboto akutipatsa ndiwo."

"Ndiye muthira?" anafunsa a Habibu, akadali chigonere.

A Stanley anatseka botolo, nang'amba tsamba lija m'kope. "Dzukani. Madziwa asakhudzidwe, ngakhale ndi mayi. Loweruka ndikubwera ndi anthu a ku Mkanda, lole yathunthu, adzaone."

"Adzaone chiyani, bwana? Nsomba mulibe, tizilombo sitioneka."

"Adzaone inuyo," anatero a Stanley, akuvala chipewa. "Mudzagonenso chomwecho."