Matimati a Abusa Eneya

Abusa Eneya a ku Mkanda analalikira mpaka kusasa mawu kuti madzi a m'mabotolo amene mneneri wina wa kutsidya kwa malire amagulitsa, ati ukawaza m'munda feteleza safunikanso, ndi bodza loti lidzagoneka mudzi ndi njala. Koma Lamulungu limeneli m'tchalitchi munali pululu, ndiye anaitana a Mateyo, mkulu wa mpingo amene anamuika pakhomo kuti azilanda mabotolowo, munthu woti ukamuuza kuti dikirani pano, udzamupeza pomwepo mvula itagwa kale.

"A Mateyo, anthu anga ali kuti?"

"Kumsika, abusa. Akukanganirana madzi."

"Madzi ndinaletsa aja? Kodi mabotolo simunalande?"

"Ndinalanda onse. Ngakhale la apongozi anga. Mpaka lero moni sandipatsa."

"Nanga madziwo munapita nawo kuti?"

"Munati ndikataye kuseri kwa nyumba yanu."

"Eya."

"Ndinakataya kuseri kwa nyumba yanu."

Abusa anavula magalasi pang'onopang'ono. Kuseri kwa nyumba yawo n'kumene kuli matimati aja, onenepa moti anthu odutsa amatsika panjinga kuti awaone bwino.

"Pati penipeni, a Mateyo?"

"Pa matimati. Aa, abusa, Okutobala uno, dzuwa likuswa mtengo chonchi, munthu n'kukhuthulira madzi pafumbi mbewu zikufota poteropo? Limenelo ndi tchimo."

"Tchimo! Mukundiphunzitsa tchimo ine?"

"Ayi, abusa. Sukulu yake munapita ndinu."

"Matimati amenewo anenepa ndi manyowa a mbuzi! Ndinasenza ndekha pamutu panga pano!"

"Zoona. Koma a Imelda sanandifunse za manyowa. Anandifunsa kuti abusa amathirira chiyani."

"Ndiye inu munati chiyani?"

"Munatiphunzitsa kuti Mkhristu sanama. Ndinati madzi a mneneri."

"Mayo ine!" Abusa anagwira m'mutu. Nkhani ikafika kwa a Imelda, ndiye kuti ku Chiosya aimva kale. "Kazuleni matimati onsewo! Lero lomwe!"

"Lero ndi Lamulungu, abusa."

"Mawa!"

"Chabwino. Ndikazule amayi busa akuona, kapena ndidikire apite kaye kuchigayo?"

Mneneri uja abusa akhoza kulimbana naye mpaka kumalire, koma amayi busa pa nkhani ya matimati awo, ayi ndithu, kumeneko kulibe vesi lothandiza.

"Asiyeni. Tichite chonchi. Kuyambira mawa muzithirira ndi madzi a pamjigo wathu wa tchalitchi, masana, mpingo wonse ukuona. Adzionere okha kuti madzi wamba ndi a mneneri n'chimodzimodzi."

"N'chimodzimodzidi, abusa."

"Mwaonatu! Tsopano mwayamba kumva."

"Poti ndi omwewo. Mneneri amatunga pamjigo wathu."

Abusa anayang'ana a Mateyo, a Mateyo anayang'ana abusa mwaulemu wonse, manja kumbuyo.

"Amamulola ndani?"

"Ndimamupopera ndine. Tsiku lotsegulira mjigo munanena kuti madzi a Mulungu samanidwa munthu."

"Munthu waludzu, a Mateyo! Osati wa zigubu!"

"Amaoneka waludzu ndithu. Amachita kubwera ndi ngolo."

"Kalanga ine! Nanga bwanji osauza mpingo kuti akugula madzi a pakhomo pawo pomwe?"

"Ndinawauza. Onse akudziwa."

"Akudziwa, n'kumagulabe? Osangodzatunga aulere bwanji?"

"Akuti zaulere sizigwira ntchito, abusa."

"Ndiye munthu wachilendo, sadziwa ngakhale kwawo, amukhulupirira chonchi chifukwa chiyani?"

"Iyeyo samukhulupirira ayi. Poyamba ogula anali ochepa chabe. Ambiri anayamba kugula atamva kuti madziwo ndi a pamjigo umene anaupempherera abusa Eneya, amenenso akuthirira matimati a abusa Eneya. Akuti abusa amenewo sanatinamizepo chibwerere kuno."

Abusa anakhala pabenchi. Mtima unawawa zedi, pakuti m'maganizo anaona minda ya chimanga ya anthu awo ili yachikasu mwezi wa Januwale ukubwerawo chifukwa cha dzina lawo. Komanso tisanamizane, penapake mawuwo anawakomerako pang'ono.

"Mverani, a Mateyo," anatero atapuma. "Ntchito ya mbusa ndi kuteteza nkhosa. Lamulo langa silisintha. Aliyense amene wachititsa kuti mpingo uno usochere, kaya ndi ndani, asapondenso m'nyumba ya Mulungu muno mpaka atalapa pamaso pa anthu. Mwamva?"

"Ndamva, abusa."

A Mateyo anapita pakhomo, natsegula chitseko chonse, naima pambali.

"Nanga guwa ndikutulutsireni pansi pa mtengo wa mango, kapena mudzalalikira pawindo?"