Dzina la Msuweni Wanga pa Pasipoti

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni kulikonse kumene muli. Ine sindine wolankhulalankhula, koma zimene Mulungu wandichitira sindingazikhalire chete. Ndinatsala pang'ono kuchotsedwa m'dziko lino la Britain chifukwa cha dzina.

Ndinabwera ku London motsatira mkazi wanga Esinati, amene anali namwino, ndipo chilolezo changa chokhalira kuno chinkadalira chake. Atamwalira tinamuika konkuno, monga iye mwini anapempha, ndipo ine ndinayenera kupempha chilolezo china pandekha. Potumiza mapepala ndinaganiza kuti akachuluka ndiye bwino. Ndinaikamo ndi setifiketi ya ukwati wathu wa kutchalitchi ku Ntcheu, imene palibe anaifuna.

Ndinaiwala chinthu chimodzi. A msinkhu wanga mukukumbukira mmene zinkakhalira: ukapanda kusankhidwa kupita kusekondale, unkabwereza Sitandade 8 ndi dzina lina. Ine ndinabwereza ndi dzina la msuweni wanga amene anali atasiya sukulu. Dzina limenelo linapita pa masetifiketi a sukulu, pa pasipoti, ngakhale pa kalata ya ukwati ya kwa DC. Koma kutchalitchi abusa analemba dzina langa la ubatizo.

Kalata inabwera kuchokera ku maofesi oona za olowa m'dziko ku Croydon. Inali yaulemu koma yozizira. Inati mapepala anga akuonetsa anthu awiri, ndifotokoze kuti ndine uti, apo ayi pempho langa likanidwa. Iwo sanalakwe kufunsa. Ndinaiwerenga chiimirire pakhomo la nyumba imene ndimachita lendi ku Ilford. Kuyambira tsiku limenelo envelopu iliyonse ikagwa pachitseko mtima unkandithawa. M'basi ndinkaona ngati aliyense akudziwa. Ndinkadzifunsa kuti ndikabwezedwa kumudzi, manda a Esinati adzayendera ndani.

Mnzanga wina wa ku Zambia anandilangiza mwachikondi. "Mudala, kambani chabe ati iyo pepala si yanu, inalowamo mwangozi." Ndinasinkhasinkha sabata yathunthu, ndipo ndikuvomera kuti ndinayesedwa. Koma kukana pepala limenelo kunali kukana kuti ndinalumbira pamaso pa Mulungu ndi Esinati. Ndinkapemphera, kumwamba kuli zii, masiku oti ndiyankhe akutha.

Ndimagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba. Munali a Karim, mkulu wachimwenye amene anzanga ankamuopa chifukwa cha ukali. Ine ndinkangoti mwina ndi ululu wa m'thupi. M'mawa wina ndikuwameta ndevu, mawu anangondipulumuka: "Ambuye, ndichite chiyani ine?"

Anatsegula maso n'kuyankha m'Chichewa chosakayikitsa. "Achimwene, mavuto anuwo muyambe mwachotsa lezala pakhosi panga."

Ndinachotsa lezala msanga. Miyezi yonseyo sanandiuzepo kuti anabadwira ku Limbe, ndi kuti banja lawo linasamukira kuno kalekale, nthawi imene amwenye ambiri ankachoka ku Malawi. "Ndinkadikira tsiku limene mudzandijede m'Chichewa poganiza kuti sindikumva," anatero. Ndinawafotokozera zonse. Sanaseke. Anati iwonso pofika kuno dzina lawo linalembedwa mitundu itatu, ndipo amadziwa mantha a munthu amene mapepala ake akumutsutsa. "Musaname ayi. Mwana wanga abwera Lamlungu, ntchito yake ndi imeneyi."

Mwana wawoyo, mayi wodekha, anali loya wa nkhani za olowa m'dziko. Sanandilonjeze kanthu. Anandiuza poyera kuti chilungamo chikhoza kundipulumutsa kapena kundikweza ndege, koma njira ina palibe. Tinalemba mbiri yonse osabisa. Tchalitchi cha ku Ntcheu chinatumiza kalata. Msuweni wanga, amene tsopano ndi nkhalamba yolima mbatata, anakwera minibasi kukalumbira kukhoti kuti anandipatsa dzina lake tili ana.

Ndinadikira miyezi inayi yolemera ngati mwala. Yankho litafika ndinalephera kuliwerenga ndekha, ndinapita nalo kuntchito. A Karim anavala magalasi, anawerenga pang'onopang'ono, kenako anati, "Mukhala. Tsopano bweretsani tiyi, wazizira."

Ndikuthokoza Mulungu amene anandibisira thandizo mwa munthu wa mtundu wina ndi chipembedzo china, amene ndinkamusambitsa tsiku ndi tsiku osadziwa. Inu amene mwasunga kalata yoopsa ndipo mukuopa kuuza munthu, musataye mtima ndipo musathamangire bodza. Pempherani, nenani zoona, ndipo musanyoze aliyense amene Mulungu wamuika pafupi nanu. Ine anandiyankha ndili ndi lezala m'manja. Dzina lake lilemekezeke.