Dandaulo Langa Linasowa M'kompyuta

Aulutsi, ndiwerengereniko kalata iyi. Ndine bambo wachikulire wa ku Chamboli, ndipo ndimasesa pa kampani ina muno mu Kitwe.

Kuntchito kwathu chinthu chikawonongeka, sitiuzanso munthu pakamwa. Timalemba pa kompyuta, iyo n'kutipatsa nambala ya dandaulo. Ine sukulu ndinayamba ndili ndi ana kale, choncho ndimalemba ndi chala chimodzi. Komabe Lachiwiri ndinalemba kuti waya wa magetsi wasendeka m'bafa ya antchito, pafupi ndi mpopi.

Lachinayi, kutatsala tsiku limodzi kuti oyendera za chitetezo abwere, dandaulo langa linasowa.

Ndinafunsa mayi amene amayang'anira makompyuta. Iwo anati, “Atate, pulogalamu ya madandaulo imakhala m'kompyuta yongoyerekeza, imene ili m'kati mwa kompyuta yeniyeni. Inavuta, ndiye taibwezera mmene inalili Lolemba.”

Ndinati, “Amayi, nanga waya uja, nayenso mwamubwezera mmene analili Lolemba?”

Anaseka, nkhope ili kumbali.

Mwina akunena zoona, sindikudziwa. Koma n'chifukwa chiyani inavuta sabata imeneyi? Ndinagwira ntchito pansi pa mgodi, ndipo zimene zimachitika munthu akaona choopsa n'kukhala chete ndimazidziwa. Mpaka lero zimandisowetsa tulo.

Ndinakhoma bafayo ndi loko wanga, ndipo makiyi ndakana kupereka. Abwana akuti ndikapitiriza mwano andichotsa ntchito.

Anzanga omvera, kompyuta angathe kuibwezera ku Lolemba, koma munthu wogwidwa ndi magetsi sabwezeredwa. Bafayo ndidzatsegulira wamagetsi yekha.