Tsiku Limene Ababa Ananditchula Bwana

Abale ndi alongo, ine ndinali munthu wonyada. Ena a inu munandiona ndikukula m'malaini, m'nyumba za antchito a esiteti ino, ndipo ndikuona mukugwedeza mitu. Gwedezani ndithu, simukunama.

Ababa anga ndi a Namakhwa, amene anayamba kukonza makina m'fakitale ya tiyi ine ndisanabadwe. Koma dzina limenelo ine sindinalinyamule. Pobwereza Sitandade 8 ndinalembetsa dzina lina, monga tinkachitira ambiri, ndipo nditasankhidwa ndinangokhala Banda mpaka kalekale. Zinandikomera. Kutauni palibe ankadziwa kuti ndine mwana wa Mlomwe wa ovolosi yonunkha girisi.

Sukulu inandiyanja, mpaka ndinakhala mphunzitsi pa koleji ina ku Blantyre. Ndimaphunzitsa achinyamata ofuna uinjiniya za kayendedwe ka makina: giya ikamazungulira inzake ithamanga bwanji, kiranki imakankha bwanji chitsulo kuti chizipita ndi kubwera, ndi mphamvu zimene zimabadwa chitsulo chikamathamanga.

Tsiku loyamba la kalasi ndinkawauza kuti, "Yang'anani mnzanu wapambalipo. Chaka chamawa mmodzi wa inu sadzakhala muno." Iwo akamanjenjemera, ine mtima unkakhala m'malo. Lachisanu lililonse fumbi la choko ndinkakalitsukira ku mowa. Za Mulungu ndinkati ndi za anthu olephera masamu.

Chaka china manijala watsopano wa fakitale anandifuna. Masamba anali atachuluka nyengo ya mvula, ndipo makina osefa tiyi wouma sankakwanitsa. Makinawo ndi sefa yaikulu imene kiranki imaigwedeza uku ndi uku. Ndinatsegula buku lakale la makinawo ndili muofesi mwanga, ndinawerengetsera, n'kulemba kuti asinthe pule, gudumu lija limene lamba amayendapo, kuti liwiro likwere. Makinawo sindinapite kukawakhudza n'komwe.

Tsiku loyesa ndinabwera ndi ophunzira anga pa basi kuti adzaone nzeru zanga. Amene anamanga pule yatsopanoyo anali ababa. Makina atayamba, ababa anatenga sikuludiraiva yawo yaitali, nsonga anaiika pachitsulo, chogwirira anachiika kukhutu, monga ankachitira m'mawa uliwonse. Anamvetsera. Kenako anavula chipewa.

"Bwana, makinawa akulira," anatero. "Sefayi ndi yolemera kuposa ya m'bukuyo. Zaka zonsezi ikang'ambika takhala tikuiwotcherera zitsulo."

Bwana! Bambo wondibereka. Ankadziwa kuti sindifuna kudziwika, ndiye anandibisa okha.

Mtsikana wina mwa ophunzira anafunsa kuti madalawo akuti chiyani. Ine ndinayankha mokweza kuti onse amve. "Asiyeni madalawa. Makina sayendera khutu, amayendera masamu." Ana aja anaseka. Ababa anavala chipewa chawo n'kubwerera kumbuyo.

Chonsecho ndine ndemwe ndinkalemba pa bolodi chaka ndi chaka kuti liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yokutumula chitsulo imawirikiza kanayi, ndipo chitsulocho chikalemera ndiye kuonjezera. Ndinkadziwa. Koma kuvomera pamaso pa ana kuti wa ovolosi wanena zoona, ayi, kunandikanika.

Sabata isanathe mabawuti a kiranki anaduka. Chitsulo chinauluka n'kuthyola mkono wa mayi Esinati, amene ankathira tiyi m'matumba chapafupi.

Mlandu unagwera ababa, ati sanamange bwino mabawuti. Anawapatsa kalata: ntchito yatha, ndipo pakutha pa mwezi atuluke m'nyumba ya esiteti. Kunali kutangotsala miyezi yochepa kuti apume pantchito mwaulemu. Manijala anandiimbira foni. "Madala aja akalamba eti?" Ine ndinati, "Zikuoneka choncho."

Mawu awiri amenewo anandidya ngati chiswe. Ndinamwa, sanachoke.

Lamulungu lina masana ndinabwera kumalaini. Ndinapeza amayi akumanga ziwiya m'chitenje, osandiyang'ana. Ababa anali pakhonde, akupukuta sikuludiraiva ija ndi kansanza. Ndinawafunsa chifukwa chake sananene kuti anandichenjeza, pomwe mboni zinalipo basi yodzaza.

"Ine ndikachoka ndikalima kwathu ku Nsabwe," anatero. "Inu mukachoka, ana aja awaphunzitsa ndani?"

Kenako anandigwira pamutu, ine wa madigiri, n'kuyamba kundipempherera m'Chilomwe, chilankhulo chimene ndinkanamizira kuti sindichimva. Ndinamva liwu lililonse. Sanapemphe za nyumba. Sanapemphe za ntchito. Anapempha kuti Yesu asandisiye.

Abale, ndinagwada pafumbi anthu a m'malaini akuona, ndipo ndinalira ngati mwana. Tsiku limenelo ndinamvetsa zimene ndinkaseka zaka zonse, kuti alipo wosalakwa amene anasenza mlandu wa wolakwa ali chete. Ndinamuuza Yesu kuti ngati munthu wokana bambo wake amamulandira, ndine pano. Anandilandira.

Koma kulapa kwa pakhonde pokha n'kosavuta. Ndinanyoza ababa pagulu, ndiye ndinayenera kukonza pagulu. Lachiwiri ndinabweranso ndi ophunzira omwe aja. Tinaima pafupi ndi makina othyoka aja, manijala ndi ababa ali pomwepo. Ndinati mabawuti anamangidwa bwino, wolakwa ndine, ndinawerengetsera sefa ya m'buku osati imene ili pano, ndipo ndinachenjezedwa koma ndinakana kumva.

Manijala anandikokera pambali. "A Banda, mukudziwa zimene mukuchitazi? Mbiri yanu ithera pano."

Ndinati ithe. Ndinabwerera kwa ana aja n'kuloza. "Madala amene munawaseka aja ndi bambo anga."

Palibe anaseka.

Kuchoka pamenepo ndinapita kwa mayi Esinati kukapepesa. Sanandikhululukire tsiku limenelo, ndipo sindikuwadandaula. Mkono wawo mpaka lero suwongoka bwino, ndipo chimenecho ndi changa, sindichithawa.

Zotsatira zinabwera. Mafakitale anasiya kundiitana. Kuntchito anandilembera kalata yondichenjeza. Anzanga a kumowa anandipatsa dzina, ati Abusa a Magiya. Wina anandiuza maso ndi maso kuti munthu wophunzira sawulula zotere, ukanangokhala chete zikanapita ndi mphepo. Ndinamuyankha kuti zikanapita ndi nyumba ya bambo anga. Anene zimene anganene. Ine sindibwerera, ndipo sindichita manyazi.

Ndikuphunzitsabe. Masamu sindinachepetseko ngakhale mzere umodzi, chifukwa masamu sananame, ananama ndine. Koma tsopano tsiku loyamba sindiopseza mwana wa munthu. Ndimawatengera kuwekishopu, ndimayatsa makina, aliyense amaika sikuludiraiva kukhutu asanagwire cholembera. Ndimawauza kuti asanasinthe chilichonse pa makina, akafunse kaye amene amawapukuta.

Kalata yochotsa ababa ntchito ija inang'ambidwa. Anamaliza miyezi yawo, ndipo m'nyumba ija anatulukamo tsiku lawo litakwana, mutu uli m'mwamba. Ulemerero ukhale kwa Mulungu amene anathyola khosi langa louma osandipha.

Mwina muno alipo wina amene mlandu wake akusenza ndi mnzake, iye ali phee. Ndikudziwa mmene ukugonera, m'bale wanga. Usadikire kuti chitsulo chiuluke. Bwera lero, Yesu amene anandilandira ine sakukana iwe.

Ababa akhala apo, benchi yachitatu, chipewa chili pabondo. Ababa, taimirirani anthu akuoneni. Musadzanditchulenso bwana. Ine ndine mwana wa a Namakhwa.