Foni Imodzi, Nsomba ndi Sukulu

Akuwailesi, ndiwerengereniko kalata iyi. Ndine msodzi wa ku Makhanga. Mwana wanga wamkazi ali mu Sitandade 8. Aphunzitsi ake anayamba kutumiza ntchito ya kusukulu pa intaneti. Foni pakhomo pathu ndi imodzi, ndipo ndimapita nayo kudambo kuti ogula nsomba azindipeza.

Tsiku lina mwanayo anabwera akulira. Anamutulutsa m'kalasi chifukwa sanalembe ntchito imene sanaione n'komwe. Ndinapita kusukuluko.

"Aphunzitsi, choko chatha kodi?"

"Bambo, dziko lasintha. Muzimusiyira foniyo."

Ndinamusiyiradi. Ogula anandisowa, milamba inaolera m'bwato. Ndikufuna mwanayu akhoze mayeso, koma azidya chiyani? Aphunzitsi amene mukumvera, muzilembanso pa bolodi. Pamenepo mwana aliyense amaona.