A Zulani Atisiyira Kope la Mabatire

A mphunzitsi wamkulu, aphunzitsi athu, amayi akunyumba kwa a Zulani ndi ana, anzanga nonse, moni.

Lero kwacha ndi kamvula kowaza. Ndafika m'mamawa, ndikumva madontho padenga ndi tsache la amlonda. Chasowa n'chimodzi: makiyi a bambo awa akulira m'khonde.

Andisankha kulankhula potsazikana ndi a Zulani, amene akupuma pa ntchito lero, chifukwa anzanga akathamangira mpira, ine ndimatsala m'chipinda cha makompyuta, kuwagwirira bambowa sikuludiraiva. Akuti ndine mnzawo wa ntchito.

Dzina loti Zulani silinagwe kumwamba. Chaka chawo choyamba anatsekera malaputopu m'kabati ali pamagetsi, holide yonse. Potsegulira anapeza mabatire atatupa, zivundikiro zikukana kutsekeka. Musayang'ane pansi bambo, anandiuza ndi amlonda. Kuyambira pamenepo, batire ikangodzaza, mawu ndi amodzi: "Zulani!" Amayi, kunyumbako firiji imapulumuka?

Kuyeza kwawo mukukudziwa. Amaika laputopu patebulo n'kuidina pakona ndi chala. Ikagwedera ngati mpando wa mwendo waufupi, batire yatupa, wina asaiyatsenso.

Teremu ino anagwedera khumi ndi awiri. Mayeso athu a kompyuta ndi mwezi wamawa, ndipo popanda batire, magetsi akangothima ntchito yonse yapita. Titadandaula, kampani yomwe inatigulitsa inayankha kuti waranti, nthawi yokonza ulere, inatha kalekale, tigule malaputopu ena. Bambo awa anali atatsala ndi masabata atatu kuti apume pa ntchito. Akanatha kungopinda manja. Koma anatsegula iliyonse, kukopera nambala ya batire m'kope, n'kuyenda shopu ndi shopu. Wogulitsa wina anawauza kuti batire ndi batire basi. Iwo anamuwerengera nambala mpaka anakatulutsa yeniyeni kuseri.

Ndinawafunsa chomwe akuvutikira ndi mayeso oti sadzawaona. Anati, "Yatha ndi waranti ya kampani, mwana wanga. Inu simunathe."

Bambo, zikomo chifukwa cha zaka zonsezi. Ine sindilankhulalankhula, koma simunandithamangitsepo m'chipinda muja. Kope lija mwandisiyira ndilisunga, ndipo ndiphunzitsa a Fomu 1 kudina pakona.

Lachiwiri malaputopu khumi ndi awiri anapita kokaikidwa mabatire. Dzulo anabwerako khumi ndi imodzi. Nambala seveni, yanga ija, ibwera Lolemba. Ndipo amayi, lero amuna anu abwera kunyumba dzuwa likadalipo, opanda makiyi.

Mukapume bwino, bambo. Anzanga, manja athu awa asachite ulesi, tiwaombere!